Makalisita wa ku Kawale

Anandilanda dzina ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, chilimwe chomwe ndinali mu Sitandade 8. Munthu akandifunsa ndimayankha choncho n'kulekera pomwepo, chifukwa ndilibe mtima wofotokoza chinthu kawiri. Koma dzuwa la Okutobala likayamba kuphulitsa malata, nyenje n'kumalira m'mitengo ya mango, chilimwe chimenecho chimandibwerera chonse. Ndimamva fungo la fumbi lotentha, utsi wa njerwa zomwe ankawotcha kuseri kwa sukulu, ndi makoko a mango owolera m'ngalande za ku Kawale.

Papepala dzinalo linkalembedwa McAllister, koma pakamwa pa anthu linali Makalisita. Bambo anga anali a Makalisita, mesenjala wa pa ofesi ina ku City Centre, munthu wa ku Dowa, wakuda bii, yemwe ndege ankangoiona ikudutsa. Ine ndinali Limbani Makalisita. Ana a m'dera lathu analiduladula dzinalo kalekale. Ndikamadutsa ndi chigubu cha madzi, Fatsani, mnzanga wokhala naye desiki imodzi, ankakuwa kuti, "Makala, sita!" uku akuyendetsa dzanja ngati akusita malaya ndi simbi ya makala. Ndinamenyana naye kambirimbiri chifukwa cha zimenezo, ndipo tikatha kumenyana tinkapita limodzi kukagenda mango.

Sindinkachita manyazi ndi dzinalo chifukwa kunyumba kunali pepala. Mayi wina wa ku ofesi kwa bambo anapeza pakompyuta mndandanda wa anthu otchuka a dzina limeneli, n'kuwasindikizira masamba awiri. Bambo ankawasunga m'pulasitiki ya shuga, pansi pa sutikesi. Lamlungu tikaweruka kutchalitchi ankakhala pakhonde, mapazi ali m'beseni la madzi, n'kumawerenga pang'onopang'ono chala chili pamzere. Uyu anali dokotala. Uyu woweruza milandu. Uyu mkulu wa asilikali, awa osewera mpira, uyu mayi woimba. Akafika pansi pa tsamba ankandiyang'ana.

"Ku Sikotilandi ali ndi mifunda ngati ife," ankatero. "Phiri akakumana ndi Phiri mnzake ku Joni, samufunsa zambiri, amamupatsa madzi ndi pogona. Awanso chimodzimodzi. Ndi anthu athu awa."

Ndinawafunsapo kuti nanga bwanji iwo ndi azungu. Anandimenya ndi pepalalo pamutu mwachibwana n'kunena kuti zimenezo ndidzazimva ndikadzakula. Ndinaloweza mndandanda wonsewo kuposa mmene ndinalowezera ma tebulo a masamu. Ndikagona ndinkadziona ndikutsika ndege kudziko lozizira, munthu wa yunifolomu akuwerenga pasipoti yanga, kenako n'kuitana anzake kuti m'bale wathu wa ku Malawi uja wafika.

Bambo anamwalira m'nyengo yozizira, atangodwala milungu iwiri. Ine ndi amayi tinasamukira m'chipinda cha kuseri pa puloti ya amalume, a Mbewe, mlongo wawo wa amayi, konko ku Kawale. Amalume ankawotcherera mafelemu a zitseko ndi mawindo pansi pa mtengo wa jakaranda kutsogolo kwa nyumba. Sanali munthu woipa, ndisaname. Ankangokhala munthu woyankhula kamodzi.

Chilimwe chimenecho chinali chokoma, ndipo n'chifukwa chake chimandipweteka. Maluwa a jakaranda ankagwera pa zitsulo za amalume, ndipo tikawaponda ankaphulika pansi pa phazi. Madzi ankabwera pampopi mochedwa, ndiye tinkasiya zigubu pamzere n'kumasewera mpira wa mapulasitiki mpaka mayi wina atikalipire kuti mzere wayenda. Tinkadya mango aawisi ndi mchere mpaka mano kuyayamira. Magetsi akazima amalume ankakhala pa benchi akutukwana chamumtima, ndipo ine ndinkawatolera tizidutswa ta waya towotcherera tomwe tagwa m'fumbi. Kamvuluvulu akadutsa pamsika, azimayi ankagwira zitenje ndi dzanja limodzi, lina ataphimba tomato. Madzulo mitambo inkasonkhana chakumadzulo, kenako n'kubalalika osagwetsa kanthu.

Tsiku lina aphunzitsi athu analowa m'kalasi ndi mafomu a mayeso a boma. Anati Lachisanu la mlungu wotsatira aliyense adzalemba yekha dzina lake, ndipo tikafunse bwino kunyumba.

"Dzina limene mulembe apa ndi limene mudzafe nalo," anatero. "Lidzakhala pa satifiketi, pa chiphaso, ngakhale pa mtanda wanu. Wina asadzabwere kwa ine ndevu zitamera kuti ndinalakwitsa."

Nkhaniyo ndinaifikitsa pa chakudya chamadzulo, ndikuganiza kuti ndi yaing'ono. Amalume sanakweze n'komwe mutu. Anati ndikalembe Mbewe, chifukwa mwana wa mlongo wawo ndi wawo, akudya pakhomo pawo, ndipo dzina la mzungu pa munthu wa ku Kawale ndi lopatsa anthu choseka basi. Amayi ankangochotsa minga m'nsomba yomwe inalibenso minga. Ine ndinathamangira ku sutikesi, n'kubwera ndi pepala lija, n'kuyamba kuwerenga mokweza kuyambira pa dokotala. Amalume anandisiya mpaka ndinafika pa osewera mpira.

"Ndi uti mwa amenewa anabwera pa maliro a bambo ako?" anandifunsa.

Misozi yanga itayamba kutsika, amalume anaoneka kuti afewa pang'ono. Anati ngati ndingabwere ndi munthu mmodzi wa kwa bambo, n'kudzanena pamaso pawo kuti anthu a papepalawo ndi abale athu, andisiya ndilembe dzina langalo.

Wa kwa bambo amene ndinkamudziwa m'tauni anali mmodzi yekha, azakhali Esinati, mlongo wawo wamkulu, omwe ankagulitsa zitumbuwa ku Chinsapo. Loweruka ndinanyamuka m'mawa, pepala lili m'kati mwa malaya. Ndinadutsa ku Mchesi komwe akalipentala anali atayamba kale kupala matabwa, ndinadutsa padepoti pomwe oitanira basi ankandikoka dzanja, ndinawoloka mlatho wa Lilongwe madzi ake ali ochepa ndi obiriwira, n'kugwira msewu wa ku Likuni. Phula linkawotcha kudutsa m'patapata. Njira yonse ndinkayeseza mmene amalume adzaonekere nkhope azakhali akadzawayankha.

Ndinawapeza akukazinga, maso ali ofiira ndi utsi. Anandipatsa madzi ndi zitumbuwa ziwiri zotentha ndisananene chomwe ndadzera. Nditafotokoza, n'kuyala pepalalo pamphasa, analiyang'ana chozondoka, chifukwa sankadziwa kuwerenga. Kenako anayamba kuseka. Anaseka mpaka kutsokomola, mpaka mayi wa nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda.

"Kapepala kameneka kadakalipo? Mayo ine, mlongo wanga uja! Iwe, ife ndife a Banda. A Banda enieni a ku Dowa, odya mbewa."

Anandiuza nkhaniyo akutembenuza zitumbuwa, ngati nkhani ya mtengo wa ufa. Agogo anga aamuna, bambo awo, anali dobi, wochapa ndi kusita zovala pa esiteti ya fodya. Bwana wake anali mzungu wa ku Sikotilandi, ndipo dzinalo linali lake. Zovala za azungu a nyumba zingapo ankazichapira pamodzi kumtsinje, choncho shati iliyonse inkafunika kulembedwa dzina la mwini wake m'kati mwa kolala. Mkazi wa bwanayo anawasonyeza agogo kalembedwe kake kamodzi, ndipo iwo anakhala akukopera zilembo zomwezo zaka ndi zaka, pa mashati, pa mashiti a pabedi, pa matawulo. Sankadziwa kuti chilembo ichi ndi chiti. Ankangodziwa mmene dzanja limayendera.

Tsiku lomwe anapita kukalembetsa ukwati wawo ndi agogo aakazi, kalaliki anawakankhira inki kuti adinde chala, ngati mmene ankachitira ndi aliyense wa m'mudzi. Agogo anakana. Mkwatibwi ali pomwepo, akuchikazi ali pomwepo, ananena kuti iwo amadziwa kulemba. Anatenga cholembera n'kulemba bwinobwino liwu limodzi lokhalo lomwe ankalidziwa. Kalalikiyo analikopera m'buku ngati dzina lawo, ndipo kuyambira pamenepo ana onse anabatizidwa nalo.

"Anthu anaimba nthungululu," anatero azakhali. "Amayi ankati tsiku limenelo bambo anayenda ngati mwini esiteti. Ndiye anzakowo akamati makala sita, usamawamenye. Sakunama."

Ndinafunsa ngati bambo ankazidziwa zimenezi.

"Munthu anakulira pa mulu wa mashati omwewo, alephere kudziwa? Ankadziwa. Koma ankakakonda kapepala kakeko, ndiye tikanatani?" Anapukuta manja pachitenje n'kundiyang'ana. "Ukufuna ndibwere ndidzawanamize a Mbewewo? Ndikhoza, mwana wanga, pakamwa ndili napo. Ndidzanena kuti dokotalayo ndi msuweni wanga."

Ndinakana. Ndinanyamuka osatsanzika bwino, pepala lija ndinalisiya pamphasa, ndipo ndikukhulupirira kuti anakulungira zitumbuwa. Mvula yoyamba inandipeza pamlatho. Madontho akuluakulu ankagwa m'fumbi n'kutulutsa fungo lija limene munthu amafuna kulidya, ogulitsa malonda akuthamanga ndi mabeseni pamutu, ana akuvina m'matope. Ine ndinkangoyenda. M'mutu mwanga munali chinthu chimodzi: si ine m'bale wa dokotala, ndine mdzukulu wa munthu wochapa kabudula wa mzungu, ndipo Fatsani wakhala akunena zoona nthawi yonseyi.

Kunyumba ndinanena kuti azakhali sindinawapeze. Mlungu wonsewo sindinasewere mpira. Ngumbi zinatuluka, anzanga akuthamanga ndi mabeseni, ine ndili pakhonde kuyang'ana madzi akutsika m'malata.

Lachisanu m'mawa amalume anandiitana ndili pageti. Anali atavala kale ovolosi, magalasi akuda ali pachipumi. Anakanda m'khosi kaye asanayankhule.

"Mayi ako sanagone nazo bwino izi. Zisiye za azakhali akozo. Kalembe limene ukufuna, mphwanga. Ndi lako."

Palibe anandikakamiza, ndipo apa ndi pamene ndimadumpha ndikamauza anthu. M'kalasi munkanunkha mayunifolomu onyowa ndi choko. Aphunzitsi ankatiitana mmodzimmodzi kutebulo lawo. Nditaimirira, Fatsani ananong'ona kuti "sita," osati mwachipongwe n'komwe, mwachizolowezi chabe, ngati moni. Ndinafika patebulo, ndinagwira cholembera, ndinayang'ana timabokosi tolembamo zilembo pafomupo. Dzanja langa linkadziwa poyambira, pa M wamkulu. Ndinalemba M, kenako ndinapitiriza ndi b, e, w, e. Aphunzitsi anayang'ana fomuyo, n'kundiyang'ana ine.

"Makalisita wapita kuti?"

"Kulibe, sala."

"Watsimikiza?"

Ndinagwedeza mutu, iwo n'kuitana wotsatira. Madzulo amalume atamva, anandipatsa magalasi awo kuti ndione moto wowotcherera pafupi, chinthu chomwe ankandikaniza nthawi zonse. Amayi anangotuluka kukaanula zovala zomwe zinali zisanaume.

Mayeso ndinakhoza. Sekondale ndinalekezera Fomu 2, pa zifukwa zomwe si za nkhani ino, ndipo lero ndimasenza matumba a mtedza ndi soya pamsika wa ku Mgona. Kumeneko palibe amafunsa satifiketi, ndipo onse amanditcha Mbewe. Nthawi ina ndinafunsa ku ofesi ya ziphaso ngati dzina limasinthika. Ananditumiza kukatenga makalata atatu kwa anthu atatu, ndipo mmodzi mwa iwo, azakhali Esinati, anali atamwalira. Sindinabwererekonso.

Ndili mwana ndinkaona ngati azakhali andiuza kuti dzinalo ndi lakuba, lopanda pake, lotola pa kolala ya munthu wina. Panapita zaka kuti ndimve zomwe ananenadi tsiku lija pakati pa utsi ndi kuseka. Anandiuza za munthu amene anakankha inki ya chala pamaso pa mkazi wake ndi akuchikazi onse, n'kupempha cholembera. Anthu a pamndandanda aja sanamudziwepo, ndipo sakundidziwa ine, ndipo zimenezo sizikundisowetsanso tulo. Chimene chimandiwawa ndi china. Agogo sanapondepo m'kalasi, ankadziwa liwu limodzi lokha, ndipo atapatsidwa mpata analilemba lonse osaphonya chilembo. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu za sukulu, ndinapatsidwa mpata womwewo, ndipo ndinalekezera pa chilembo choyamba.