Woweta Mavairasi wa ku Kabwata

Zimene mwamva, zoti bambo wokonza makompyuta kuseri kwa msika wa Kabwata amapanga yekha mavairasi kuti makasitomala asathe, ndi bodza la anthu osowa chochita. Munthu wolephera kusokerera batani la malaya ake angapange vairasi?

Chimene ali nacho ndi kompyuta yokalamba, yosalumikizidwa kulikonse, imene amaitcha khola. Vairasi ikabwera amaitsekera mmenemo, n'kumaiyendetsa phazi limodzilimodzi ndi pulogalamu yake yofufuzira, uku akuisuzumira m'mimba. "Kawalala sumumenya usanaone kwamene abisa katundu," amatero.

Lachisanu lapitali Ba Nsofwa, otsogolera kwaya, anafika thukuta lili kamukamu. Nyimbo zonse zimene azimayi anavutika kujambula miyezi itatu zinali zitasowa mu fulashi, kachipangizo kosungiramo zinthu za pakompyuta, pomwe Lamlungu mpingo wonse umayembekeza kuzimva.

"Ba neba, nafa! Azimai azanidya wamoyo!"

Bambo uja anabaya fulashi ija m'khola, maso ake n'kuwala. "Iyee, kavairasi kokongola! Onani mwamene kayendela!"

"Nyimbo zanga, imwe!"

"Osakaopseza, mami. Katipeleka kunyumba kwake."

Anakalondola mzere ndi mzere mpaka pamene kanabisa nyimbozo. Sikanadye kanthu, kanangokwirira. Nyimbo yoyamba italira, Ba Nsofwa anavina mpaka chitenje chinamasuka.

"Nikupaseni chani, ba neba?"

"Munisiyile chabe kanyama aka. Ka mutundu uyu nilibe."

Zoona zake n'zakuti bamboyu sapanga mavairasi, amangowaweta.