Mutu wa a Tuda

A Tuda sagula dzira asanaligwedeze pafupi ndi khutu. Ukawapatsa moni mosangalala kwambiri, amayamba asuzumira m'khola kuti aone ngati nkhosa zilipo zonse, kenako n'kuyankha. Ine Hadda ndakhala nawo moyandikana m'mudzi mwathu muno mwa Tagunt, pamwamba pa mapiri a Atlas, chikwatiwireni. Khoma la nyumba yanga ndi yawo ndi limodzi. Koma mpaka lero ndikabwereka sefa yawo, pobweza amaiyang'ana padzuwa ngati ndabako mabowo ena.

Sanabadwe choncho ayi. Amene anakula nawo amati anali mtsikana wansangala, wotsogolera nyimbo pa maukwati. Amuna awo anagwera kuphompho limodzi ndi nyulu, nthawi imeneyo mwana wawo Assou akadali khanda la kumsana. Maliro asanazizire, azilamu awo anabwera ndi mawu otsekemera, nati aziwasamalirira munda wa maapozi mpaka mwanayo atakula. Mwana anakula mpaka kumera ndevu, munda osabwerera. A Tuda anamulera yekhayo ndi ntchito yoluka makapeti a ubweya wa nkhosa, ndipo chimene anatolapo pa moyo n'chakuti wokubera amabwera akumwetulira.

Assou atakwatira Yamna, mtsikana wa kumudzi wa kunsi, anamusiya ndi amayi ake n'kupita kutauni ya Midelt kukagwira ntchito ya zomangamanga. Yamna anali wofatsa, wakhama pa ntchito, ndipo tsoka lake linali lakuti ankamwetulira kawirikawiri.

"Akusekerera chiyani ameneyu?" a Tuda ankandifunsa. "Mtengwa wakhala ndi apongozi ake chaka chathunthu osakwiyapo ngakhale kamodzi, iwe ukuona ngati n'zabwino zimenezo?"

Chaka chimene ndikunenachi, mphepo yozizira inayamba msanga. Assou anabwera kudzakonzera amayi ake chipinda chipale chofewa chisanatseke msewu. Anamata ming'alu yonse ya m'khoma, anakhomera pulasitiki pawindo, nasokerera chiguduli m'munsi mwa chitseko kuti kamphepo kasalowe. Popeza nkhuni zinali zitavuta, anawabweretsera thumba la makala ndi mbaula yatsopano. Yamna ankagona kukhitchini, komwe kuli chitofu cha nkhuni chotulutsa utsi ndi paipi. A Tuda ankakhala m'chipinda chawo, momwe munalinso choombera makapeti, atadzitsekera kuti akazi anzathu asawabere maluso.

Nthawi ngati imeneyo, namwino wa kachipatala ka kumudzi wa kunsi amayendera nyumba iliyonse. Dzina lake ndi Hafida. Amauza amayi oyembekezera kuti atsikire kunsi njira ikadali yotseguka, amabaya okalamba jakisoni wa chimfine, ndipo amaona momwe anthu akuothera moto. Atafika kwa a Tuda anawapeza ataima pakhomo, manja m'chiuno.

"Mwaswera bwanji, amayi? Ndingalowe pang'ono?"

"Wataya chiyani m'nyumba mwanga?"

"Ndikungofuna ndione ngati muli bwino, ndionenso pomwe mumaika moto."

"Ndili bwino, si ukundiona? Boma likayamba kukufunsa ngati uli bwino, dziwa kuti pali chimene likufuna. Wakutuma ndi Assou eti? Mwagwirizana kuti mukanditaye kunyumba ya nkhalamba, nyumba ino mugulitse?"

Hafida anaseka. "Amayi, nyumba yanuyi angagule ndani, njira yake yoti mbuzi zimachita kupumira? Chabwino, sindilowa. Koma ngati muli ndi mbaula, musagone nayo, ndipo windo lizikhala lotsegula pang'ono."

"Kuti ndife ndi chibayo msanga. Ndamva. Pita bwino."

Chipale chinagwa, msewu unatsekeka, mudzi unangoti zii. Posakhalitsa a Tuda anayamba kudandaula mutu. Tsiku lina anabwera kwathu akuyenda mogwira khoma, nkhope itafiira, nakhala pansi pafupi ndi chitofu.

"Hadda, tseka chitseko. Mtsikana uja akundithirira mankhwala."

"Aa, a Tuda, opani Mulungu!"

"Ndikumuopa, n'chifukwa chake sindikufuna kukaonana naye nthawi isanakwane. Tamvera. Ndikamwa tiyi wake, mutu umayamba kugunda ngati ng'oma. Ndikadya msuzi wake wa balere, nseru. Maso amachita chidima, ulusi wofiira ndi wakuda osausiyanitsa. Ine ndaluka moyo wanga wonse, sindinasokonezepo mtundu."

Ndinawathirira tiyi wanga. Anaununkhiza kaye, n'kudikira kuti ine ndiyambe kumwa. Anakhala kwathu mpaka dzuwa kupendeka, ndipo pochoka anali akuyenda mowongoka.

"Waona?" anatero. "Ndadya kwa iwe, mutu wasiya. Ukufunanso umboni wanji?"

Mawa lake zinachitikanso chimodzimodzi, mkuja wakenso. Akabwera m'mawa akudzandira, pofika madzulo ali gwa. Nkhani inayamba kuyenda pa kasupe potunga madzi. Akazi ena anakumbukira kuti azakhali a Yamna ankadziwa zitsamba. Ena anati anamuona akupera kanthu pamwala kuseri kwa nyumba. Yamna akafika ndi chigubu chake, onse ankangoti chete.

Zinaphulika tsiku Lachisanu, amuna atapita kumzikiti. Ndinamva mbale ikusweka, kenako mawu a a Tuda akudutsa khoma.

"Idya wekha! Idya ndikuone!"

"Amayi, si ndimadya m'mbale imodzimodziyo tsiku lililonse?"

"Umadziwa mbali yomwe wathira!"

Patapita kanthawi ndinaona Yamna akutuluka atafunda bulangete, kamtolo m'manja, akulowera njira ya kunsi, chipale chikumufika m'mawondo. Ndinamuthamangira kuti abwerere, koma anangopukusa mutu.

"Azakhali Hadda, ndikakhala, tsiku limene adzafe adzati ndine. Ndikachoka, mwina adzaona okha. Muziwayang'anirako."

A Tuda anasangalala madzulo amenewo okha. Anaphika okha, anadya okha, nadzitsekera ndi mbaula yawo. Koma tsopano panalibe wolowa ndi tiyi, wotuluka ndi mbale, wotsegula chitseko pafupipafupi. Mutu unakula kuposa kale. Atabweranso kwathu anaima pakhomo osalowa, akundiyang'ana m'maso.

"Mtsikana uja anakuuza chiyani panjira paja?"

"Anati ndizikuyang'anirani."

"Ehe. Ndiye wakusiyira ntchito."

Kuyambira tsiku limenelo anasiya kupondako kwathu. Ndikagogoda ankayankhira m'kati kuti ali bwino. Chimene ndinkadziwira kuti alipo chinali chipeso chawo chachitsulo chomenyera ulusi, chomwe chinkamveka pakhoma: du, du, du.

M'mawa wina sichinamveke. Ndinakama mbuzi, ndinaphika buledi, khoma lili chete. Ndinagogoda, osayankha. Nditangoti ndithamange kukaitana amuna, ndinaona nyulu ikukwera njira ya kunsi movutikira. Pamsana pake panali Hafida atakumbatira botolo la mpweya, ndipo amene ankaikoka anali Yamna.

Zinali chonchi: Yamna anapita kukachipatala kuja kukapakitsa mankhwala zala zakumapazi zomwe zinatupa ndi chisanu tsiku limene anatsika. Hafida anamufunsa chomwe chinamuyendetsa mu chipale chotero, iye n'kufotokoza zonse. Pofotokozapo anatchula kuti nayenso mutu unkamupweteka akakhalitsa m'chipinda cha apongozi ake kuwathandiza kukulunga ulusi, koma akabwerera kukhitchini unkasiya. Hafida sanadikire kuti amalize. Anabwereka nyulu kwa wogulitsa mafuta a nyale n'kuuza Yamna kuti atsogole.

Chitseko tinachiswa ndi nkhwangwa. M'katimo munali motentha bwino, mopanda utsi, mopanda fungo lililonse. A Tuda anali atagona chafufumimba patsogolo pa choombera, makala akuyakabe mwakachetechete m'mbaula. Tinawakokera panja, tinawagoneka pa kapeti pamwamba pa chipale, Hafida n'kuwavindikira chopumira pamphuno. Yamna ankawasisita manja akulira, akuitana, "Amayi! Amayi!"

Anatsegula maso patapita nthawi. Anayang'ana Hafida, anayang'ana Yamna, anayang'ana ine, kenako chitseko chosweka chija. Anakankha chopumira.

"Nonse atatu," anatero ndi mawu otsika. "Ndinadziwa."

"Pumani kaye, mutitukwane bwino," anatero Hafida akuwabwezera chopumira. "Si tiyi, amayi. Si Yamna, si a Hadda. Ndi makalawa. Akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya woipa wosaoneka, wosanunkha. Kwa a Hadda munkachira chifukwa munkakhala mutatuluka muno."

Amuna anawanyamula pa machira mpaka kunsi, ndipo galimoto yokankha chipale itatsegula msewu, ambulansi inawatengera kuchipatala chachikulu. Assou anawapeza kumeneko. Akuti atamva kuti pulasitiki ndi mbaula zake ndi zimene zinatsala pang'ono kupha amayi ake, anakhala pansi m'khonde n'kulira ngati mwana. Amayi akewo anangomufunsa kuti makalawo anamugulitsa ndani, ndipo wogulitsayo ali pachibale chanji ndi azilamu awo aja.

A Tuda atabwerera kumudzi anapeza m'nyumba mulibe munthu. Yamna anali atabwerera kwa makolo ake tsiku lomwe tinaswa chitseko lija, ndipo anakana kukweranso kuno ngakhale Assou anamuchonderera. Anati kupulumutsa munthu ndi nkhani ina, kukhala naye ndi nkhani inanso. Akazi a pa kasupe aja, amene anamuona akupera kanthu pamwala, tsopano onse ankati anadziwa kale kuti mwanayo ndi wosalakwa.

A Tuda anapirira mpaka chipale chitayamba kusungunuka. Tsiku lina ndinawaona atavala chofunda chawo chopitira ku maukwati, atanyamula chibuma cha shuga chokulunga m'pepala, monga timachitira popita kukapepesa. Anandiuza kuti ndiwaperekeze, ati kuti pakhale mboni anthu asadzawonjezere mawu. Kwa makolo a Yamna anaika shugayo pansi. Kenako anayang'ana khoma n'kunena kuti, "Msuzi wa mwana wanu unalibe kanthu. Mchere wokha ndi umene umachepa."

Bambo ake a Yamna anafuna kukwiya, koma Yamna anaseka mpaka kugwetsa misozi. Anabwerera kwa apongozi ake patapita masiku, koma anaika mfundo zake: chitseko cha apongozi chizikhala chosakhoma, ndipo chilichonse chowadandaulitsa azimuuza iyeyo, osati kukanena pa kasupe. Assou anaika chitofu cha paipi m'chipindamo. Mbaula ija a Tuda amasungiramo anyezi.

Chaka chino Hafida atabwera, anamulola kulowa. Anamuonetsa windo, anamuonetsa paipi, jakisoni anabayitsa atawerengetsa kaye zolembedwa pa kabotolo kwa anthu awiri osiyana. Koma Hafida atatulutsa chida choyezera kuthamanga kwa magazi, a Tuda anabweza mkono wawo.

"Yamba wayeza Hadda," anatero. "Ndione ngati chimanena zofanana kwa aliyense."