Mtundu wachikasu umene ndinachotsa pa sikirini

Ena ndikawafotokozera nkhaniyi amaseka, amati ndaipeka pofuna kuti ntchito yanga izioneka yofunika, koma ndikunenetsa kuti zinandichitikira ndithu, ku Mchinji konkuno, masana dzuwa likuswa mtengo. Maina sinditchula, ndipo mukamva zonse mumvetsa chifukwa chake.

Ndiyambe ndafotokoza za ntchitoyo, poti ngakhale mayi anga ku Guilleme anachita kumwalira akuuzabe anthu kuti mwana wawo amakonza mawailesi. Nyumba zikuluzikulu zamakono zimakhala ndi kompyuta yoyang'anira zitseko, mafani, magetsi ndi kutentha kwa m'zipinda, ndipo munthu mmodzi amangokhala pampando n'kumaona zonsezo pa sikirini. Ndiye pamafunika wina woti ajambule zimene munthuyo aziona, kuti chipinda ichi chikhale apa, batani ili likhale apo, mtundu uwu uzitanthauza chakuti. Wojambulayo ndinali ine. Ndi ntchito yotopetsa maso ndi msana, ndipo ukaigwira bwino palibe amene amadziwa n'komwe kuti ulipo.

Chinali chaka cha zisankho, m'zaka za m'ma 2000 momwemu, pamene kampani yathu ya ku Lilongwe inandituma ku shedi yatsopano yosungiramo mtedza ndi chimanga chambewu, pamsewu wochokera pa Boma kupita kumalire. Mkati mwa shediyo munali chipinda chopanda zenera, cha chitseko chachitsulo choyenda ndi magetsi, chimene ankasanjamo matumba n'kutsegulira gasi wopha anankafumbwe. Lamulo linali loti aliyense wolowamo azidina kaye batani la pakhomo. Akadina, chipindacho pa sikirini chinkasanduka chachikasu, kutanthauza kuti muli munthu. Mukakhala mopanda munthu chinali chobiriwira, gasi akalowa chofiira. Chipangizo choti chitseko chizikana chokha kutsekeka mukakhala munthu, pamodzi ndi chogwirira cha mkati, zinali zisanafike. Tsiku lililonse ankangoti zili panjira, monga mmene zinthu zathu zimakhalira panjira.

Amene ndinawaphunzitsa kukhala pakompyutapo anali bambo ena achikulire a ku Dambe, amene kale anali mlonda pageti ndipo anakwezedwa chifukwa cha kukhulupirika. Chizungu ankachimva pang'ono, koma mitundu anaigwira msanga, mpaka ankaiimba ngati ana a sukulu, kuti chobiriwira tseka, chachikasu dikira, chofiira thawa. Ndinawauza kangapo konse kuti asamamvere zonena za anthu, azikhulupirira zimene sikirini ikuwaonetsa, ndipo iwo ankayankha mwaulemu kuti amva aphunzitsi, chonsecho ndinali msinkhu wa mwana wawo.

Kenako kunamveka kuti kubwera akuluakulu ena andale kudzatsegulira shediyo. Poyeserera za tsikulo, bwana manijala wa shediyo anaona chipinda chija chasanduka chachikasu, nkhope yawo n'kusintha. Anandifunsa ngati ndikufuna kuwatseketsa shedi, poti chikasu unali mtundu wa chipani chimene alendowo sankamwerana nacho madzi. Amene munalipo nthawi imeneyo mukukumbukira kuti ngakhale malaya kapena ndowa ya pulasitiki munthu unkayamba waganiza kaye za mtundu wake. Ndinayesa kunena za buluu, iwo anati nawonso uli ndi eni ake. Anati ndiike wobiriwira basi, poti ndi mtundu wa masamba a chimanga ndipo palibe angauloze chala.

Kodi ndikanakana? Inde ndikanakana, ndisakunamizeni. Koma ndinali nditatopa, milungu itatu ndikugona pa resitihausi ya nsikidzi, kunyumba mkazi wanga ali ndi khanda, ndipo kukangana ndi bwana wa eni ake sindinakufune. Ndinachotsa chikasu n'kuikapo wobiriwira wotuwirako pang'ono, wosiyana ndi winawo kwa ine amene ndinausankha, ndikuti ndidzabwezeretsa alendo akapita. Bambo a ku Dambe aja tsikulo anali kumaliro, ndipo atabwera sindinawauze. Alendowo anasintha tsiku kawiri konse, ine n'kumangoti mawa, mawa, paja zengerezu adalinda kwawukwawu.

Tsiku langa lomaliza linakwana alendowo asanabwere, chikasu chija ndisanabwezeretse. Dalaivala wina wa thiraki wa ku Zambia, amene anabwera kudzatsitsa matumba, anavomera kunditenga mpaka ku Lilongwe, ndipo chikwama changa chinali kale m'galimoto. Ndikutsanzika, ndinakumbukira kuti kachipangizo koyeza kutentha m'chipinda cha gasi kankaonetsa manambala olakwika, ndiye ndinamuuza dalaivalayo kuti andidikire pang'ono. Ndinadina batani la pakhomo monga mwa lamulo, n'kulowa, n'kukwera pamwamba pa matumba a mtedza kumapeto kwenikweni kwa chipindacho.

Ndili pamwambapo ndinamva chitseko chikuyenda. Poyamba ndinkayesa kuti ndi thiraki ikubwerera m'mbuyo, koma kuwala kwa pakhomo kunayamba kuchepa, ndipo pamene ndinkatsika n'kuthamanga pakati pa matumbawo chinali chitatsekeka kale kuti gwa. Magetsi a mkati anazima, belu lochenjeza n'kuyamba kulira.

Abale anga, mantha oopa chinthu chimene sukuchidziwa ndi ena, koma oopa chinthu chimene ukuchidziwa bwinobwino ndi oipa kwambiri. Ndinkadziwa kuti chitseko chikatsekeka pamapita mphindi khumi gasi asanatuluke, chifukwa kawotchi kowerenga mphindizo pa sikirini ndinakajambula ndine. Ndinkadziwanso chimene bambo aja ankaona nthawi imeneyo, chipinda chobiriwira, ndipo ankachita ndendende zimene ndinawaphunzitsa. Ndinamenya chitseko ndi zibakera, kenako ndi nsapato, ndinakuwa mpaka mawu anasasa, koma panja makina oswa mtedza anali akulira, ndani akanandimva? Foni inalibe netiweki m'chitsulomo. Ndinayesa kupemphera, ine amene ndinakulira pamishoni, koma pemphero lililonse linkathera panjira, m'mutu mwanga munkangobwera nkhope ya khanda lija limene ndinali nditangolinyamula kawiri kokha. Ndinakhala pansi n'kutsamira chitseko, ndipo sindichita manyazi kunena kuti ndinadzikodzera.

Zimene zinkachitika panja ndinazimva pambuyo pake. Dalaivala uja, poti anali munthu wosachedwa kupsa mtima, anaimba hutala mpaka kutopa, kenako anapita ku ofesi n'kufunsa kuti munthu wa makompyuta ali kuti, iye afuna kunyamuka manje manje. Bambo aja anayankha kuti mwina ali kuchimbudzi. Iye anati ayi, wamuona ndi maso ake akulowa m'chipinda chachitsulo ndipo sanatuluke. Bambowo analoza sikirini n'kunena kuti onani nokha, chobiriwira, mulibe munthu, aphunzitsi anati tizikhulupirira apa. Akuti anakangana ndithu, mpaka dalaivalayo anamenya tebulo n'kunena kuti ngati satsegula akagumula chitsekocho ndi thiraki. Apo m'pamene bambowo anadina batani loimitsa zonse. Kawotchi kaja kanali katatsala ndi mphindi imodzi ndi timasekondi.

Chitseko chitatseguka ndinatuluka chokwawa, anthu onse a pashedi atandizungulira, amayi osankha mtedza ena akulira. Bambo aja anaima pambali, chipewa chili m'manja.

Tsopano apa ndi pamene ndimavutika kufotokoza. Nditamwa madzi n'kusintha thalauzi, anthu akadali pamkangano panja, ndinalowa mu ofesi ndekha n'kubwezeretsa chikasu chija. Sizinanditengere ngakhale mphindi ziwiri. Eni shedi atafika madzulo ake anati tiyeserere kuti aone chimene chinalakwika, wina anadina batani la pakhomo, chipinda pa sikirini n'kukhala chachikasu bwinobwino. Onse anatembenukira kwa bambo aja. Iwo anayang'anitsitsa sikiriniyo nthawi yaitali, n'kupukuta m'maso, kenako ananena motsitsa mawu kuti iwo anaona chobiriwira, koma mwina ndi ukalamba. Bwana manijala anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi, ndipo tonse awiri sitinatsegule pakamwa. Bambowo anachotsedwa ntchito mlungu womwewo, ndipo ngakhale pageti sanawabwezerepo, ankati mlonda wosaona ndi wa chiyani.

Patapita zaka ndinakumana nawo pamsika wa pa Boma akugulitsa mipini ya makasu. Ndinafuna kuwazemba koma anali atandiona kale. Anaimirira, n'kuvula chipewa, n'kundipepesanso pamaso pa anthu kuti anatsala pang'ono kundipha n'kusandutsa mwana wanga wamasiye, ndipo anati kuchokera tsiku lija sakhulupiriranso maso awo, ngakhale posankha mbewu amaitana akazi awo. Ine ndinangoti zinatha zimenezo bambo, musadandaule. Ndinagula mipini iwiri imene ndinalibe nayo ntchito n'kuthawira m'minibasi.

Ntchitoyi ndikuigwirabe, ngakhale mtima unachokamo kalekale, ndipo achinyamata amabwera kudzandifunsa ngati ili yabwino. Ndimawauza kuti ndi yabwino, koma chimene ndimakhulupirira tsopano n'choti ukajambula sikirini umakhala wabwereka maso a munthu wina, ndipo iye amakupatsa ndi mtima wonse. Choncho inu amene mukulowa ntchito zoterezi, bwana akadzakuuzani kuti musinthe kanthu kakang'ono kuti mlendo asakwiye, kanani, ndipo mukalephera kukana pitani mukamuuze amene amakhala pampandoyo tsiku lomwelo, musanamwe n'tiyi yemwe. Mukalakwa nenani pomwepo anthu akadali pamodzi. Ine ndinapulumuka ku gasi, koma ku Dambe kuli bambo amene anakalamba akudziona ngati wakhungu, chonsecho maso awo anaona bwinobwino.