Tsiku limene ndinasuntha choko cha agogo

Ndikakumbukira agogo aamuna, a Mwale, ndimamva fungo la petulo losakanikirana ndi la fodya wouma, poti galaja yawo ku Chamama inali pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwenikweni kwa chigafa.

Ndili Sitandade 6, anaphwasula injini yonse ya pikapu yakale ya a Banda, aneba athu, imene inkayenera kunyamula mabelo a fodya Lolemba. Amalume anali atalamula kale kuti maso a agogo atha, ndipo galimotoyo ikapanda kulira awalanda bokosi la masipanala, azikangosoka fodya ndi azimayi.

Agogo anali ndi njira yawo. Asanazule disitibyuta, ija imagawa moto ku mapulagi, ankalemba mzere wa choko pamene rota yake, kamuvi kozungulira m'kati mwake, yaloza, kuti pobwezera asasokoneze. Tsono ine ndi choko tinkadziwana kalekale. Atapita kukasamba m'manja, ndinafufuta mzerewo ndi malovu n'kulemba wina mbali inayo, wowongoka bwino.

Loweruka agogo anamanga zonse anthu atazungulira. A Banda anapotokola kiyi. Phuu! Moto unatulukira ku kabureta, nkhuku zinathawira m'chimanga, ndipo amalume, amene anasuzumira kwambiri, anadzuka opanda nsidze.

"Ndinkanena ine! Ababa, mwakalamba basi," anatero amalume akusisita pamphumi.

Agogo anayang'ana mzere uja, kenaka anayang'ana ine.

"Dzanja langa lonjenjemerali lingalembe chokongola chonchi? Iwe Chisomo, aphunzitsi aakulu, tabwerani kuno."

Anachotsa pulagi yoyamba n'kundiuza kuti nditseke bowolo ndi chala chachikulu, iwo akuzunguza injini pang'onopang'ono ndi sipanala. Mwadzidzidzi mpweya unakankha chala changa, psii!

"Wamva? Pisitoni ikukwera, ikufuna moto. Choko ungachisunthe, mpweyawo tausuntha tione."

Anaifikitsa pisitoniyo pamwamba penipeni, anazula disitibyuta, n'kuilowetsanso ataibweza pang'ono, poti rota imapotoka yokha mano akamalumana. Itakhazikika inaloza ndendende waya wa pulagi yoyamba. Kiyi kamodzi kokha, injini inalira mosalala mpaka a Banda anavina atanyamula chipewa m'manja. Amalume anangoti, "Bokosilo likhale," n'kupita kukafuna kalilole.

Ndinkaganiza kuti mlandu watha. Agogo anandimwetulira mwachikondi.

"Tandigwirira kawayaka, mdzukulu wanga, kasakhudze pansi."

Ndinagwira, osadziwa kuti ndi waya wa pulagi, injini ikulirabe. Moto unandiyenda kuchokera m'chala mpaka m'mano, ndinalumpha ngati mbuzi yolumidwa ndi mavu, agogo akuseka mpaka kutsokomola.

Kupepesa sindinapepese, ndipo iwonso sanapepese. Anakonza magalimoto mpaka miyendo itawakana. Lero ndili Fomu 3, ndimatha kutchera disitibyuta ndi chala chokha, koma waya umene munthu wamkulu akundipatsa akumwetulira sindiugwira. Ndimaitana mng'ono wanga.