Dzina Limene Sindinasankhe

Ntchito ya ku Nairobi ndinaivomera mkazi wanga Esnart ali ndi pakati. Bungwe lina lothandiza alimi linkafuna munthu wodziwa za mbewu, ndipo malipiro ake sindikanawapeza ku Mponela. Ponyamuka ndinamuuza kuti akabadwa mwamuna akhale Yohane, dzina la malemu bambo anga. Anavomera ndi mutu.

Ndinapeza kachipinda ku Rongai. Moyo wanga unali kukwera minibasi zomwe kumeneko amati matatu, ofesi, matatu, kenako kudya ndekha. Ndalama ndinkatumiza mwezi uliwonse, ndipo ndinkadziona ngati bambo wokwanira.

Uthenga unandipeza ku ofesi: "Wabadwa mwamuna. Dzina lake ndi Brian."

Kwathu kulibe Brian. Kwawo kwa Esnart kulibenso. Nditamufunsa pa foni anangoti, "Mudzamva mukadzabwera," n'kuyamba kukamba za matewera.

Kuyambira pamenepo dzinalo linkanditsatira. Kondakitala wa matatu anali Brian, mlonda wa pageti Brian, mu ofesi awiri, onse ankangoitanidwa kuti Brayo. Mmodzi wa mu ofesiwo anandifotokozera kuti linachokera ku Ireland, linali la mfumu ina yakale, Angerezi n'kulitenga, n'kulifalitsa konse kumene anafika. "Mayi anga anangolikonda basi," anatero. Koma Esnart si munthu wongokonda chinthu popanda chifukwa. Zithunzi za mwana ndinkazikulitsa pa foni, kuyang'ana makutu ndi mphuno. Tsiku lina zinkafanana ndi zanga, lina ayi. Ndinayamba kudula foni msanga, iyenso osandifunsa.

Ndinabwerera kumudzi mwana atayamba kukwawa. Esnart anandilandira bwino, koma nkhani ija sanaiyambe. Mawa lake anandiuza kuti ndimuperekeze ku sikelo. Namwino ataitana kuti "Brian", anaimirira azimayi atatu.

Pobwerera m'pamene anayankhula. Matenda anamuyamba masana mvula ikugwa, msewu uli matope okhaokha, galimoto ya chipatala osabwera. Anamunyamula ndi a Brian Kamanga, bambo wina wachikulire wokhala ndi kalole kotutira fodya. Azimayi enawo anawanyamulanso ndi iwowo. Mwamuna wa mmodzi ali ku Joni, wa winayo ku Tete.

"Ndinataya magazi ambiri," anatero. "Ndikanakuuzani pa foni mukanachita chiyani? Dzina ndinapatsa amene analipo."

Ngakhale pamenepo mtima unkafunabe kuwaona a Kamanga ndi maso anga, makamaka makutu awo.

Ndinawapeza atagona kunsi kwa kalole kaja, akumanga china chake. Anatuluka, munthu wa imvi, napukuta manja. Ndinati ndabwera kudzathokoza, ndine bambo ake a Brian.

Anandiyang'ana bwinobwino, mwaulemu ndithu.

"Pepani achimwene," anatero, "sitinaonanepo. Ndinu bambo a Brian uti?"