Viza yokaonera agogo ake

Andibweza pa boda ndi mwana wa mbumba yanga. Ine amene, munthu woti ndikamayankhula pamaliro safuna chimkuzamawu.

Achemwali anga a Esinati amakhala kutsidya, ku Mozambiki, mudzi woti ukaima pa boda mitengo yake ya mango umaiona. Maso anafa kalekale, pano miyendo nayo yakana, sadzuka pamphasa. Mwana wawo wamkazi anakwatiwa kunja kwa azungu n'kumwalira konko. Anasiya mtsikana mmodzi, Tamanda. Wabwera koyamba mwezi uno, ndiye achemwali anatumiza mawu kuti mubwere naye ndidzamugwire kumaso ndisanafe.

Ine kutsidyako ndimapita ngati kudimba. Timangopinda buluku n'kuwoloka mtsinje, palibe wofunsa. Koma ndinati mwana wochokera kunja asaponde matope ngati wozembetsa shuga. Ndinavala jekete, kugula nkhuku pamsika wa Chonde, kuti tikalowere pakhomo ngati anthu.

Tinafika Lachiwiri m'ma 8 koloko. Chiphaso changa cha tsiku limodzi anadinda osandiyang'ana n'komwe. Atatsegula pasipoti ya Tamanda, bwana wa pawindo, mnyamata woti ndevu sizinamere bwino, akuti: "Madala, awa ndi mlendo wodzaona malo. Kutsidya sakawalola opanda viza."

Wodzaona malo? Malo ake ati? Mchombo wa mayi ake unakwiriridwa kuseri kwa nkhokwe komweko.

Ndinati tikangokhala pang'ono, nkhuku ikapsa tibwerera. Akuti ngakhale mphindi zisanu. Ndinati vizayo tipatseni pompano. Akuti imapemphedwa pa intaneti, yankho limatenga masiku. Ndege ya mwanayu ndi Loweruka. Ndinati itanani wamkulu wanu. Akuti ali kumsonkhano. Tinakhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka, njinga za chimanga zikungodutsa, mbuzi zikungodutsa. Mbuzi ili ndi viza?

Ndinamunong'oneza Tamanda kuti tiye kumtsinje. Bwana uja anamva, poti ine kunong'ona sindikudziwa. Akuti: "Yerekezani. Akakagwidwa uko musadzabwere kuno kudzalira. Dzina lawo ndaliona." Mwana anandigwira jekete. Chichewa amachidziwa chochepa, koma ichi anachitha: "Agogo, ndikuopa."

Ndinamukweza kabaza wobwerera kunyumba. Ine n'kuwoloka ndekha ndi nkhuku.

Achemwali atamva mawu anga pabwalo anatambasula manja. Osati kwa ine, kumbuyo kwanga. Kupapasa mphepo. "Achimwene, mwana waima pati? Muuzeni asaope, ndasamba." Ndinali ndi chithunzi chake pafoni. Chithunzi kwa munthu wosaona.

Ndinangoti wadwala mutu, abwera mawa. Lero ndi Lachisanu. Mphunzitsi wina watiyesera pa intanetipo, akuti tidikire. Tidikire ndani, ndege kapena imfa?

Inu olemba malamulo, ine sukulu sindinapite nayo patali, mwina pali njira yomwe sindikuidziwa. Ngati ilipo ndiuzeni lero, ndege ndi mawa. Ngati palibe, bwerani mudzawauze nokha achemwali, ine zandikanika. Chiyambire Lachiwiri akumauza adzukulu awo ena kuti awasambitse m'mamawa, n'kuwakhazika moyang'ana kukhomo.