Njira Imene Eulalia Anaonetsa

Eulalia Sallo anabadwira ku Patawasi, kamudzi kokakamira m'nthiti mwa phiri la Yanaqaqa, kumene mbatata ikapulumuka m'manja imakaima m'munda wa eni ake kumunsi. M'chigwa, pansi pa mudziwo, muli mabwinja a Ainka, anthu amene ankalamulira dzikolo kalekale, makoma a miyala ikuluikulu yosema ndi minda yosanjikizana mpaka kumtsinje. Anthu a ku Patawasi analibe nawo chidwi. Chimene ankadziwa n'chakuti alendo amabwera kudzawaona, ndipo mlendo akayendayenda amamva njala.

Ali mtsikana, Eulalia ankaweta nkhosa za bambo ake ndi alipaka, ziweto zaubweya zamakosi aatali. Atakula anakwatiwa ndi Casimiro, mmodzi mwa amuna osenza katundu wa alendo m'mapiri. Casimiro anali munthu wanthabwala, koma katundu anamudya msana ndi chifuwa, mpaka anamwalira mwana wawo Nelida asanayambe sukulu. Kuyambira pamenepo Eulalia ankatsika phiri m'mawa uliwonse atabereka mphika wa chimanga chophika ndi tchizi, n'kukakhala pachipata cha mabwinja pamodzi ndi amayi anzake. Dzuwa likapendeka ankakweranso. Ngakhale imvi zitayamba, anyamata ankamupatukira m'njira chifukwa sakanatha kuyenda naye limodzi.

Mnzake wapamtima anali Fortunata. Anakulira limodzi kubusa, akufunda bulangete limodzi matalala akamagwa. Fortunata anakwatiwa ndi Braulio Ttito, mnzake wa Casimiro pantchito yosenza, amene anatolako Chingelezi m'njira mpaka anasiya kusenza n'kuyamba kutsogolera alendo. Awiriwa ndi amene anameta tsitsi loyamba la Nelida, ndipo kuchokera tsiku limenelo Eulalia ndi Braulio ankaitanana kuti komadire ndi kompadire. Ubale wotere ku Patawasi umalemera kuposa wa bere limodzi.

Panali chinthu chimodzi chokha chimene Eulalia sanauzepo Fortunata. Pafupi ndi nsonga ya Yanaqaqa, kuseri kwa thanthwe, kunali phanga lotsekedwa ndi miyala. M'menemo munkakhala Nkhalamba, munthu amene anafa kalekale thupi lake n'kuuma, atapinda mawondo mpaka pachibwano, atafunda nsalu yofiira, timiphika tili pambali pake. A kwa Sallo ankati ndi kholo lawo. Bambo ake a Eulalia analibe mwana wamwamuna, choncho njira anaonetsa iyeyo. Mwezi wa Ogasiti uliwonse, nthaka ikamalandira nsembe, Eulalia ankakwera yekha kukapereka masamba a koka, amene anthu kumeneko amatafuna, ndi mowa wa chimanga.

Chaka china Fortunata anadwala. Mankhwala ankamwa, koma thupi linkangotherabe, mpaka siketi zake ankazimanga ndi chingwe. M'mawa wina Braulio anafika kukhola kwa Eulalia chipewa chili m'manja.

"Komadire, ndabwera ngati mwana. Malemu amuna anu anandiuza tsiku lina titamwa kuti kwanu kuli wamkulu kuphiriku. Nditengeni ndikamupemphe ndekha."

"Malemu anali ndi pakamwa. Akamwa ankanenanso kuti anavinapo ndi mwana wa bishopu."

"Komadire, mnzanu akufa."

Eulalia anatsekera nkhosa n'kupita kukaona wodwalayo. Fortunata anamugwira dzanja ndi zala zozizira.

"Lali, tsitsi langa udzalipese ndiwe. Apongozi anga amakoka ngati akuzula udzu."

"Khala chete iwe. Ukufuna kufa undisiyire miseche yonse ya m'mudzi muno ndekha?"

Kutacha anauyamba ulendo, Eulalia patsogolo, Braulio pambuyo atanyamula botolo la mowa. Anadutsa minda yomaliza, analowa m'udzu wolasa, kenaka njira inatha. Panangotsala timiyala toponda timene anthu akale anasomeka m'thanthwe, mwina tothyoka, mwina toterera ndi ndere. Ankakwera ndi manja ndi mapazi omwe. Braulio anayamba kupuma ngati ng'ombe yolima.

"Kompadire, si inu amene mumakweza azungu mapiri? Kapena ndi iwo amene amakukwezani?"

"Mimbayi, komadire. Yabwera ndi ulemu, sindingaithamangitse."

Anafika pamalo pamene munthu amayenda cham'mbali, chifuwa chili pathanthwe, kumbuyo kuli phompho. Braulio atasuzumira pansi anaona mabwinja onse atachepa ngati mphasa, alendo akuyendayenda ngati nyerere zovala zipewa. Anatseka maso.

"Osayang'ana uko. Yang'anani chidendene changa," anatero Eulalia.

Atafika, Eulalia anachotsa miyala yapakhomo umodziumodzi. Braulio anagwada n'kulira ndithu, misozi yeniyeni. Anaika masamba, anathira mowa pansi, anatchula dzina la mkazi wake. Potuluka anapingasa zala zake ngati mtanda n'kuzipsompsona.

"Ndikadzanena kwa munthu, phiri lino lidzandimeze."

Fortunata anachira. Pofika nthawi yokumba mbatata anali akunyamula yekha thumba. Braulio anaotcha mbira zambiri, anaitana oimba, ndipo anakhazika Eulalia pamalo aulemu. Pakati pa gule Fortunata anamunong'oneza kuti, "Braulio wandiuza zonse. Moyo wangawu ndi wako, Lali." Eulalia anadzidzimuka pang'ono kuti lumbiro lija latha kale, koma anadziuza kuti mwamuna ndi mkazi wake ndi munthu mmodzi.

Ogasiti wotsatira anakwera monga mwa nthawi zonse. Asanafike n'komwe anaona miyala yapakhomo ili mbwee. M'phanga munalibe kanthu. Pamene Nkhalamba inkakhala panangotsala kadzenje kosalala m'fumbi, ndipo pambali panali chotsalira cha ndudu ndi chingwe chatsopano chodukira. Eulalia anakhala pansi pomwepo, mowa uli m'manja, osadziwa woupatsa.

Anatsika molunjika kwa Braulio. Anamupeza akutsuka nsapato.

"Kompadire, wamkulu uja ali kuti?"

"Wamkulu wake uti?"

"Musandiyese mwana."

Braulio anapitiriza kutsuka. "Komadire, dzuwa la kuphiri lakuwombani m'mutu. Lowani mumwe madzi."

Sipanapite nthawi, apolisi anagwira munthu wina wamalonda pamsewu wopita kumzinda wa Cusco ali ndi nsalu yofiira yakalekale ndi timiphika. Munthuyo anangoti anagula kwa anthu a ku Patawasi. Oyang'anira mabwinja anabwera ndi apolisi, ndipo mudzi wonse unasonkhana pabwalo la sukulu. Eulalia anali atakonzeka kulankhula, koma Braulio ndiye anayamba kuimirira, atavala jekete yake yotsogolera alendo.

"Zikundiwawa kunena, chifukwa ndi komadire wanga. Koma phanga limenelo amalidziwa ndi mayi Sallo okha. Anandiuzapo kuti ndiwapezere mzungu wogula zinthu zakale. Ine ndinakana."

Bwalo linachita phokoso. Eulalia anaimirira. Anafotokoza zonse, za matenda, za ulendo, za lumbiro. Mkulu wa apolisi anafunsa ngati pali mboni. Eulalia anatembenukira kumene kunakhala amayi.

"Fortu, nena. Unadwala, mwamuna wako anabwera kukhola kwanga. Nena zimene unandiuza pagule paja."

Fortunata anaimirira pang'onopang'ono, maso ali pachipewa chimene anachigwira pamimba.

"Ine ndinachira ndi mankhwala akuchipatala. Za phanga ndikuzimva lero."

Eulalia sanakuwe. Anangomuyang'ana mpaka Fortunata anakhala pansi.

Apolisi anatengera Eulalia kutauni, anamusunga masiku angapo, kenaka anamumasula chifukwa kunyumba kwake sanapezeko kanthu, ndipo wamalonda uja atamuona anati si ameneyu. Koma amene anamugulitsa zinthuzo sanamutchule. Pachipata cha mabwinja Eulalia analetsedwa kugulitsa. M'mudzi ena anakhulupirira Braulio. Ambiri ankadziwa zoona, koma ana awo ankasenza katundu m'gulu la Braulio, ndiye ankangomupatsa moni Eulalia mofulumira n'kudutsa. Nelida, amene tsopano anali mtsikana wamkulu, anakathira ndowe za nkhosa pakhomo pa a Ttito masana dzuwa likuswa mtengo, n'kupita ku Cusco kukafuna ntchito.

Apolisi anapeza nsalu ndi timiphika, koma za mwini wake, Nkhalamba ija, palibe anafunsa. Eulalia anaganiza kuti munthu wotsika pathanthwe lija sangasenze zonse. Choncho anayamba kufufuza m'maphompho a kunsi kwa phanga, lero uku, mawa uko, nkhosa atasiyira mlamu wake. Mvula yoyamba itagwa anaipeza Nkhalamba m'ngalande, pakati pa zitsamba zaminga, ili maliseche, yothyokathyoka. Anatola chilichonse chimene anachiona, mpaka timafupa ta zala, anakulunga m'nsalu yake yoberekera, n'kubereka kumsana monga ankaberekera Nelida. Anakaiika kwina, kumtunda kwambiri, ndipo malowo sanauze munthu.

Pa nthawi yokumba mbatata, Eulalia ali m'munda yekha, anaona Fortunata akubwera ndi khasu. Sanapereke moni. Anangoyamba kukumba mzere wakumapeto ngati kale. Eulalia anamulekerera mpaka anafika pakati.

"Mayi Ttito, mwasochera. Munda wanu uli kumunsi."

Fortunata anagwetsa khasu. "Lali, ndiwe ukunditchula choncho?"

"Nanga dzina lanu si limenelo?"

"Akanamumanga Braulio, ana anga akanadya chiyani? Iweyo ndinkadziwa kuti akumasula, unalibe mlandu. Iye anapita kuphangako ndi anzake ine osadziwa. Ndinaona fumbi lofiira m'thumba mwake, ndi pamene ndinazindikira. Ndikanatani, Lali?"

"Ukanakhala pansi."

"Chiyani?"

"Tsiku lija. Ukanangokhala pansi, osatsegula pakamwa. Kukhala chete sikumangitsa mwamuna. Ndikanati mantha akugwira, ndikanakwiya mwezi umodzi, bwenzi lero tikukumba limodzi. Koma unaimirira, Fortu. Unaimirira ndi miyendo imene ndinakakupemphera ine."

Fortunata analira atagwira kukamwa. Eulalia anawerama n'kupitiriza kukumba. Patapita kanthawi anamva khasu likutoledwa, kenaka mapazi akutsika. Mbatata zimene Fortunata anakumba, Eulalia anazisiya pomwepo, ndipo madzulo anauza mlamu wake kuti akatolere nkhumba.

Braulio zinthu zinamuyendera. Anakonzetsa njira ya ku Yanaqaqa, anamangitsa zingwe zogwira paphompho paja, ndipo masiku ano amakweza alendo kukaona mabwinja kuchokera pamwamba ndi kujambula phanga lopanda kanthu. Amawauza kuti analitulukira yekha akufunafuna nkhosa yosochera. Phiri silinamumeze.

Eulalia anasiya malonda. Amaluka malamba ndi nsalu, Nelida n'kumakagulitsa ku Cusco. Nelida wakhala akumukakamiza kuti asamukire kutauni, kuli chipinda, kuli madzi a m'mpopi, koma iye amakana. Chaka chatha bondo linayamba kumuvuta, ndipo Nelida atabwera kudzamuona anamufunsa kuti, "Amayi, mudzandionetsa liti kumene munawaika agogo aja? Mukadzalephera kukwera, adzawapatsa koka ndani?"

Eulalia anayang'ana mwana wakeyo, ulusi uli m'manja.

"Mwamuna amene ukufuna kukwatiwa nayeyo, amamwa?"

"Pang'ono, pa zikondwerero."

"Tidzaona chaka chamawa," anatero Eulalia, n'kupitiriza kuluka.